Ndinasasula Denga Pakati pa Dzinja

Makina anga osokera anali a pamanja, opukusa aja, ndipo ndinawalandira kwa malemu azakhali anga pamodzi ndi sizasi yothyoka kunsonga. Kusukulu sindinapondeko, choncho manambala a pa tepi yoyezera kwa ine anali ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Ndinkayeza munthu ndi chingwe: m'chifuwa mfundo, m'chiuno mfundo, kutalika mfundo. Chingwe chilichonse ndinkachimangirira kansalu kotsala pa chovala choyamba cha mwini wake, n'kuchipachika pamsomali. Munthu akanenepa ndinkamasula mfundo, akaonda ndinkaisuntha. Chaka cha chilala chija ndinasuntha mfundo zambiri.

Nyumba yathu inali kufupi ndi Luwani, kumene kunali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Masiku amenewo Neno anali asanakhale boma payekha, nkhani za ku ofesi zonse tinkapita nazo ku Mwanza. Anthu a m'mudzi mwathu ankasoketsa kamodzi pachaka, enanso akangomva za kaunjika ankandiiwala. Amene anandisandutsa telala weniweni anali amayi a kumsasa. Ankabwera ndi nsalu zawo, zimene ife timati zitenje iwo n'kumati kapulana, ndipo ankandipatsa chimene anali nacho: nandolo, kabotolo ka mafuta ophikira, ufa wa m'matumba amene ankalandira. Minda yathu itapsa ndi dzuwa, ana anga anagona m'mimba muli kanthu chifukwa cha amayi amenewo. Anthu othawa kwawo opanda chilichonse ndi amene anadyetsa ife okhala kwathu.

Pakati pawo panali mmodzi amene anasanduka mnzanga wapamtima, mayi wamtali wa mpata pakati pa mano, wa pakamwa posatopa. Ankanditchula kuti mana, ndiye kuti chemwali m'kayankhulidwe ka kwawo, ine n'kumamubwezera momwemo. Iyeyu ndi amene ankandibweretsera anzake, amvekere, "Mana uyu sadziwa kulemba koma sakuberani nsalu."

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, nkhondo ya kwawo inali itatha, ndipo malole anayamba kutuluka mumsasa atadzaza anthu, mitolo ndi nkhuku. Mwezi ndi mwezi misomali yanga inkatsala yopanda zingwe. Disembala atangoyamba, mnzanga uja anafika m'mawa, nsalu alibe, n'kukhala pakhonde.

"Mana, atilemba mayina. Ife tikwera ikangopita Nyuwere."

"Nonse?"

"Tonse otsalafe. Mudzasokera abuluzi."

Anaseka, inenso ndinaseka, koma atapita ndinalowa m'nyumba n'kuwerenga zingwe za kumsasa zimene zinatsala. Zinali khumi ndi zinayi.

Sabata yomweyo ndinakwera matola kupita ku Zalewa kukagula ulusi ndi mazipi. Sitolo imene ndinkagulamo inali ya bambo wina Msilamu, wa kachipewa koyera, wosathamanga poyankhula. Atandikulungira katundu anasolola pepala lalikulu pansi pa kauntala.

"Amayi, kalendala iyi ndi yanu. Mwatigula chaka chonse."

"Kodi m'munsimu mwalembedwa chiyani?"

"Mwalembedwa kuti zikomo makasitomala athu."

"Nanga inu Khirisimasi simudya, zikomoyu wachokera kuti?"

"Zikomo salowa tchalitchi, salowanso mzikiti, amayi. Munthu amene wakudyetsa chaka chonse, chaka chikamatha umamuuza kuti ndinaona."

Ndinatuluka n'kukhala pamthunzi wa mlambe, kalendala ili pamiyendo. Manambala ake analibe nane ntchito, koma chithunzi chake chinandigwira. Panali mayi atavala diresi lobiriwira, la manja otukumuka, ataima m'chipinda cha khoma lofiirira lokhala ndi timaluwa toyera. Ndinayamba ndi kuyang'ana msoko, monga telala aliyense angachitire. Kenako ndinaona kuti chimene chinkalankhulitsa diresilo ndi khoma. Mukanamuimika mayi yemweyo pakhoma la njereza, akanakhala mayi wamba wopita kumsika. Munthu wina anakhala pansi n'kuganiza kuti chobiriwirachi chiime patsogolo pa chofiirachi, ndipo wina anadziwa poima ndi kamera. Ndinati mumtima, anthu awa amadziwa ntchito yawo.

Pomwepo maganizo anandibwerera. Kalendala sindingadinditse, kalata sindingalembe, koma kusoka ndimatha, ndipo kuzira ndi kulemba maluwa pakhoma ndinaphunzira ndili mtsikana. Ndinatsimikiza kuti mayi aliyense mwa khumi ndi anayiwo akwere lole ali ndi chithunzi chake, atavala diresi losokedwa ndi ine, ataima pakhoma lokongoletsedwa ndi ine. Ameneyo ndiye akhale zikomo wanga.

Wojambula ndinamupeza pa siteji ya basi, kamera ili m'khosi, njinga ataitsamiritsa pamtengo. Anali bambo wa msinkhu wapakati, wa ndevu za pachibwano pokha. Anandiuza kuti filimu imene inali m'kameramo anayamba nayo ku ukwati, ndipo malo otsala anali khumi ndi asanu ndi limodzi. Anati angabwere Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike, tsiku limodzi lokhalo, chifukwa Lolemba lake filimu inkapita ku Blantyre kukatsukidwa, ndipo ikaphonya ulendo umenewo zithunzi zikanabwera anthu anga atawoloka kale malire. Tinagwirizana kuti ndimulipire atambala awiri a m'khola langa ndi shati yatsopano. Ndinamuyeza pomwepo ndi chingwe cha m'thumba mwanga, anthu a pa siteji akuseka.

Ndinayamba ndi khoma la kunja, loyang'ana kumsewu. Masiku awiri ndinalimata n'kulisalaza, lachitatu kunagwa mvula yamphepo n'kulikokolola lonse. Ndinati chabwino, wandiphunzitsa. Ndinalowa m'nyumba, pabalaza, n'kusankha khoma lalitali lotsamira kuchipinda, kumene mvula sikanafika.

Katondo ndinakakumba pachulu cha kuseri kwa munda, dothi loyera ndinakalitenga m'mphepete mwa mtsinje wa Lisungwi, chakuda ndinasinja makala. Chilichonse ndinasefa ndi kansalu, n'kusakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti lisamatsalire m'zovala za anthu akatsamira. Burashi ndinalibe. Mizere ikuluikulu ndinkakoka ndi chitsononkho, yaing'ono ndi nthenga ya nkhuku, madontho ndi chala. Khoma lonse ndinalipaka katondo, n'kuligawa malo khumi ndi anayi, asanu ndi awiri m'mwamba, asanu ndi awiri m'munsi. Ndiye ndinkatsitsa chingwe chimodzi pamsomali, kuyang'ana kansalu kake, n'kukuza maluwa a kansaluko pamalo a mwini wake. Wina anali ndi nsomba, wina mawanga a nkhanga, wina makiyi, wina masamba a chinangwa. Mnzanga uja anali ndi mbalame zouluka ziwiriziwiri. Dzina la munthu sindikanalemba, koma nsalu yake yoyamba ndinkaidziwa.

Amuna anga, munthu wolima thonje wosachuluka mawu, ankabwera kuchokera kumunda n'kuima pakhomo, khasu lili paphewa.

"Amayi, kodi tikugona m'nyumba kapena m'chitenje?"

"Pitani mukasambe, abambo, musandipondere dothi."

"Nanga mpando wanga uli kuti?"

"Uli panja. Ukupuma."

Masiku asanu ndi atatu ndinagwira khoma limenelo, m'mawa kumunda, masana pakhoma, ndipo msana unandiuza zaka zanga. Nditamaliza ndinazira pansi ndi mtsiro mpaka panawala, ndinapachika katani yatsopano pakhomo la kuchipinda, n'kuika kampando kamodzi pakona, nditakafunditsa kansalu koyera. Ndinatuma mawu kumsasa kuti Loweruka aliyense abwere atavala chimene ndinamusokera ine, chimene amachikonda kuposa zonse.

Anafika dzuwa lisanatenthe, nsapato zili m'manja, mitu ili ndi maduku omangidwa ngati akupita ku ukwati. Pakhomo anapukuta mapazi n'kuvala nsapato. Atalowa anaima kaye, maso akuzolowera mdima wa m'nyumba. Kenako wina anakuwa.

"Nsomba zanga izo! Kapulana imeneyi ndinathawa nayo kwathu!"

"Makiyi angawa! Mana, munasunga?"

Aliyense anathamangira pake. Wa masamba a chinangwa anangoika dzanja pakhoma. Mnzanga uja anayang'ana mbalame zake n'kunena kuti, "Mwazinenepetsa, mana. Zanga zinali zoonda ngati mwini wake." Ndinawauza chifukwa chimene ndinawaitanira, kuti kukubwera wojambula, kuti aliyense atenga chithunzi chake popanda kulipira kanthu. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo.

Wojambula anafika thukuta lili kamukamu, n'kulonjera, n'kulowa. Anayang'ana khoma nthawi yaitali, n'kuliza kakhweru.

"Amayi, mwachita nokha izi?"

"Ndekha."

"Ndajambula m'nyumba za aphunzitsi ndi za makalaliki, khoma lotere sindinalione." Anaika kamera padiso, n'kuitsitsa, n'kuikanso. Nkhope inasintha. "Koma muno sindingajambule."

"Chifukwa?"

"Mdima. Kawindo kanu n'kamodzi, kofanana ndi mbale. Kamera imadya kuwala, amayi. Ndikajambula muno mulandira mapepala akuda, mano okha akuoneka."

"Nanga ka moto kamene kamathwanima pamwamba kaja?"

"Fulashi inafa ku ukwati kuja. Munanena khoma, ine ndinkayesa la kunja."

Kunena zoona, sindinkadziwa kuti kamera saona monga maso athu aonera. Ndinkayesa kuti chimene munthu akuchiona, nayo ikuchiona. Tinatsegula chitseko mpaka kumapeto, tinachotsa thabwa la pawindo, wina anabweretsa galasi loyang'anira nkhope kuti aponye dzuwa m'kati. Iye ankangopukusa mutu.

"Tiyeni pansi pa mtengo wa mango uwo," anatero. "Aliyense amajambulitsa pamenepo. Madiresi aoneka bwinobwino."

Amayi aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mwaulemu, kuti asandichititse manyazi. Mnzanga anandigwira phewa. "Palibe kanthu, mana. Taliona khoma ndi maso, basi."

"Mtengo wa mango kwanu uliko," ndinamuyankha. "Khoma ili ndi limene kulibe."

Ndinatuluka n'kuima pabwalo. Ndinayang'ana nyumba, ndinayang'ana dzuwa, n'kuyang'ananso nyumba. Kuwala kunali kochuluka, kongotayika pabwalo ponse. Chimene chinkakuletsa kulowa chinali chimodzi chokha. Ndinazungulira kuseri, kukatenga makwerero a pankhokwe, n'kuwakokera kukhonde.

Amuna anga anali pansi pa mtengo akusema mpini. Anadzuka.

"Amayi, makwerero akupita kuti?"

"Padenga."

"Kukatani?"

"Kukasasula mbali ya pabalaza."

Anayang'ana alendo, n'kutsitsa mawu. "Mwezi uno? Mukudziwa kuti udzu timamweta liti? Wauwisi uwu sufolera nyumba. Umene uli pamwambawo wagona zaka ziwiri, mukaukhudza theka lake lisanduka fumbi. Tikhala tikunyowa mpaka Juni."

"Ndikudziwa."

"Mitambo yagona kumapiri kuyambira dzulo."

"Ndaiona."

"Ndiye chifukwa cha chithunzi?"

"Abambo, chaka cha chilala munkadya nandolo. Munalima inu nandolo ameneyo?"

Ndinamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu n'kuponda sitepe yoyamba, yachiwiri. Nditaponda yachitatu ndinamva dzanja lawo litagwira mwendo wanga.

"Tsikani. Muthyola mapaso, kenako muthyoke inuyo, anthu azinena kuti ndinakutumani. Ndinafolera ndine, ndisasula ndine. Koma udzu ulandiridwe bwino, mtolomtolo, osaponya."

Mnzanga atamva zimenezi anaomba m'manja ngati kapitawo. "Mwamva! Vulani madiresi, atsikana, tavala kuti tijambulidwe, osati tikhale akapolo a fumbi!" Analowa kuchipinda n'kutuluka atamanga zitenje zanga zakale m'chifuwa, madiresi atawasanjika pamphasa. Makina ndi thumba la ufa tinalowetsa kuchipinda komweko. Khoma tinalitchinga ndi mphasa ziwiri ndi mabulangete. Amuna anga anakwera, n'kuyamba kudula luzi.

Denga la zaka ziwiri limasunga zambiri. Kunagwa mwaye, kunagwa mphemvu, kunagwa chisa cha makoswe ndi eni ake omwe. Nalimata wina anagwera m'duku la mayi wa nsomba, mayiyo n'kuvina gule amene sitinamuonepo. Tinaima mzere kuchokera pamakwerero mpaka pansi pa mtengo, kulandirana mitolo. Wojambula anaika kamera m'chikwama n'kulowa nawo mumzere, akung'ung'udza kuti chiyambire ntchito yake sanalipidwepo atambala awiri kuti agumule nyumba ya munthu.

Dzuwa litafika pamutu, balaza linali pamtunda. Tinasesa, tinapukuta pansi, tinachotsa mphasa zija. Khoma langa linaoneka monga inenso ndinali ndisanalionepo. Chofiira chinayaka, choyera chinkathobwa m'maso. Amayi anakasamba kumaso ndi m'manja, n'kuvalanso. Woyamba anaima pamalo pake, wojambula n'kuika kamera padiso.

Anaitsitsanso.

"Ndiye chiyaninso, achimwene?" ndinafunsa.

"Bwerani muone nokha."

Sindinafunikire kamera. Udzu unachoka koma mapaso ndi timitengo topingasa zinatsala, ndipo dzuwa linkaponya zithunzithunzi zake pansi. Mayi uja anali ndi mzere wakuda pamphumi, wina pachifuwa, wina pamimba. Khoma lonse linali mizeremizere.

"Aoneka ngati ali m'khola la nkhunda," anatero wojambula.

Amuna anga, ali chikhalire pamwamba pa chipupa, anayankha asanafunsidwe. "Mapaso sindichotsa. Mukafuna amenewo mundikwirire kaye."

"Ayi, bambo, musachotse," anatero wojambula. "Tidikire mtambo. Mtambo ukaphimba dzuwa mizereyi itha, kuwala kutsala kofewa. Kumeneko ndiye kuwala kwabwino kuposa konse, nsalu imaoneka mtundu wake weniweni."

"Mtambo umenewo ndi umene ukubwera ndi mvula," ndinatero.

"Womwewo. Pakati pa kufika kwake ndi kugwa kwake, pamenepo ndiye pathu."

Ndiye tinakhala pansi n'kumadikira chinthu chimene m'mawa wonse tinkapemphera kuti chisabwere. Ndinawagawira mango, aliyense akudya atawerama ngati ng'ombe pamtsinje kuti madzi asadonthere diresi. Ine sindinadye. Ndinawaika mumzere, kuwauza kuti akaitanidwa asayambe kufuna nsapato kapena kukonza duku, zonse zikhale zokonzeka.

Pamzerepo panali mtsikana wina wongokwatiwa kumene, amene ndinamusokera thalauza miyezi ingapo m'mbuyomo, lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza litangochotsedwa. Inali thalauza yoyamba ya mkazi kutuluka m'makina anga, ndipo ndinaisoka kawiri chifukwa koyamba sinkalola munthu kukhala pansi. Iye anali ataibisa m'kati mwa chitenje. Atachimasula, amayi akuluakulu anagwira pakamwa.

"Iwe, ukajambulitsa miyendo iwiri ngati sizasi?"

"Apongozi ako akakaona chithunzicho adzati mwana wawo anakwatira mnzake wa mpira!"

"Asiyeni anene," anatero mtsikanayo. "Ine ndikakwera lole osagwira chitenje. Inu mukakwere akukukankhani kumbuyo."

Mnzanga anaseka mpaka kutsokomola. "Mana, mundisokere inenso. Ya miyendo inayi, ndizivala ndi mbuzi yanga."

Mphepo inayamba kuwomba mozizira kuchokera kumapiri. Nkhuku zinalowa pansi pa nkhokwe. Mtambo unakwera pang'onopang'ono, wakuda kunsi, woyera m'mphepete, ndipo m'mphepetemo mutangokhudza dzuwa, mizere yonse ya pakhoma inazimiririka ngati yapukutidwa.

"Woyamba!" anakuwa wojambula.

Apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu ntchito ankaidziwa. Sankangoti imani, sekani. Wa manja otukumuka anamuuza kuti agwire m'chiuno kuti dzanja la diresi litseguke. Wa siketi yotambalala anamukhazika pakampando, ine n'kuyala siketiyo mpaka pansi. Amene malo awo anali m'munsi mwa khoma ankawakhazika pamphasa, miyendo kumbali, kuti maluwa awo aonekere paphewa. Wa diresi lofiira anamusuntha pang'ono kuti aime pafupi ndi choyera, amvekere, "Chofiira pa chofiira mungasowe, amayi, mutsale mutu wokha." Ankaona diresi monga ndinkalionera ine polidula. Mtsikana wa thalauza anamuuza kuti aponde kampando ndi mwendo umodzi, ndipo ngakhale omunyoza aja anaimba nthungululu.

Wachisanu ndi chiwiri anatsinzina pa nthawi yolakwika, tinabwereza. Bingu linagunda cha ku Matope. Amuna anga anali atatsika, ataima pakhomo, maso kumwamba, akuwerenga nawo mokweza. "Khumi. Fulumirani. Khumi ndi mmodzi." Ine ndinkathamanga kukoka kolala apa, kuwongola lamba apo, n'kuthawa kuti ndisalowe m'chithunzi.

Mnzanga anali womaliza, chifukwa nthawi yonseyi ankakankha anzake. Anavala chilundu cha buluu chimene ndinamusokera mwana wake woyamba atabatizidwa. Ataima pansi pa mbalame zake, dontho loyamba linagwa pamphasa, lalikulu ngati chala chamanthu. Lachiwiri linamenya khoma.

"Mana, duku lili bwino?"

"Lili bwino, ima!"

"Nanga mpata wa m'manowu nditseke?"

"Amayi, sekani msanga, kamera inyowa!"

Anaseka ndi mano onse. Kamera inalira. Wojambula anaiponya m'kati mwa shati n'kuthamangira kuchipinda, ndipo malo amodzi otsala mufilimu anapita osajambulidwa. Mvula inatsika ngati yathiridwa ndi ndowa.

Tinadzazana kuchipinda anthu khumi ndi asanu ndi awiri, pamodzi ndi makina ndi ufa. Amuna anga anafuna kukwera kuti abwezere mitolo ingapo, ndinawagwira malaya. Ndinakankha katani n'kumayang'ana. Choyamba kusungunuka chinali chakuda, chinatsika mizere ngati misozi ya munthu wopaka wanja m'maso. Kenako makiyi anapindika, nsomba zinatalika, mbalame zinalowa m'masamba a chinangwa. Pansi pamene ndinazira panasanduka thope la mitundu itatu, likutuluka pakhomo. Masiku asanu ndi atatu anatha nthawi yosakwana kuphika nyemba.

Ndinatembenuka n'kufunsa wojambula, "Achimwene, zalowa zonse m'kabokosimo?"

"Zalowa."

"Khumi ndi zinayi?"

"Khumi ndi zinayi, ndi wotsinzina mmodzi wapadera."

"Basi. Khomalo ligwe."

M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, amuna anayi a kumsasa anafika atanyamula tenti yakale yokhuthala ya buluu. Anati mnzanga wawatuma. Udzu umene unapulumuka unangokwana theka, monga amuna anga ananenera, ndipo iwo sanalephere kundikumbutsa. Theka linalo tinafunda tentiyo. Khirisimasi tinadyera pansi pa denga labuluu, aliyense m'nyumba akuoneka ngati wadwala.

Nyuwere itapita, kumsasa analengeza kuti malole abwera Lachinayi. Lachiwiri ndinakwera matola kupita ku Zalewa. Wojambula anati munthu amene anamutuma ku Blantyre sanabwere. Ndinamuuza kuti sindibwerera chimanjamanja. Ndinagona kwa mbale wanga wina pafupi ndi mlatho, m'mawa ndinakakhala pa siteji, basi iliyonse yochokera ku Blantyre ndikuiyang'ana pakhomo. Ya masana ndi imene inatsitsa envulopu. Wojambula anafuna kuti titsegule pomwepo, ndinakana. Ndinaikulunga m'pulasitiki, kuimanga m'chiuno, n'kukwera galimoto yoyamba yolowera kwathu.

Kumsasa ndinapeza anthu akumanga mitolo, ena akuzula zitseko za nyumba zawo kuti apite nazo. Mnzanga atandiona anakuwa, ndipo amayi aja anasiya zonse n'kundizungulira. Ndinakhala pamtondo wogubuduzika n'kutsegula envulopu.

Zinatuluka. Khoma langa linalimo, lofiira bwino, ndipo aliyense anaima patsogolo pa nsalu yake yoyamba atavala diresi lake. Msoko uliwonse unkaoneka, ngakhale umene ndinakhotetsa pa kolala ya mayi wa makiyi. Ndinkatenga chimodzi, kuyang'ana nkhope, n'kumupatsa mwini wake ndi manja awiri. Mawu amene ndinakonza m'njira yonse anathawa. Kwa aliyense ndinangoti, "Zikomo, amayi. Munandidyetsera ana." Wotsinzina uja analandira ziwiri, n'kunena kuti chotsinzinacho akapatsa amuna ake, poti nawonso samuyang'ana.

Mnzanga anachiyang'ana chake nthawi yaitali. Pamwamba pa phewa lake, mbalame imodzi inali itayamba kale kutsika ndi dontho. Anachitembenuza, kumbuyo kunali koyera.

"Mana, muikepo kanthu apa. Adzukulu akadzafunsa kuti anakupatsani ndani, ndidzaloze."

"Ukudziwa kuti sindilemba."

"Nanga ku ofesi mumasaina ndi chiyani?"

Anatenga poto amene anali atamumanga kale pamtolo, kumutembenuza, kudontheza mafuta pang'ono pamwaye wa kunsi kwake, n'kundigwira chala chachikulu. Anachipaka, n'kuchidinda yekha kumbuyo kwa chithunzi, akukanikiza ngati akupha nsabwe.

"Chala cha telala ichi," anatero, akuonetsa anzake. "Taonani mabala a singano. Wina aliyense sangabere."

Ena aja atangoona, anatembenuza zithunzi zawo n'kuima pamzere. Ndinadinda khumi ndi zinayi, ndi chachikhumi ndi chisanu cha wotsinzina. Mnzanga anamanganso poto wake pamtolo, n'kundiuza kuti ndisabwere m'mawa kudzaona malole, chifukwa iye safuna kulira pamaso pa madalaivala. Ndinamumvera. Lachinayi ndinali kumunda ndi amuna anga tikupalira thonje pamene tinamva malole akutsika kumsewu, ndipo ndinawerenga kulira kwake mpaka lomaliza, khasu lili m'manja, chala chikadali chakuda m'mbali mwa chikhadabo.